Akakutamandani asanapemphe, chitani izi

Munthu wa mbiri yabwino ndi amene amakodwa msanga ndi mawu okoma, chifukwa womutchera sasowa kunama. Amangotola zabwino zimene munthuyo ali nazo kale n'kumukola nazo. Ndikulembera inu asungichuma a mipingo, amayi a Mvano, alembi a banki m'khonde, ankhoswe, ndi aliyense amene siginecha yake kapena liwu lake limamveka pakati pa anthu. Ine ndine mkulu wa mpingo ku Bangwe, ndipo m'kati mwa sabata ndimakhala kuseri kwa kauntala ku Limbe, kugulitsa malata, misomali ndi simenti. Kumpingo ndi kushopu komwe, kumabwera anthu amene amayamba ndi kunditamanda. Ena amanena zochokera pansi pa mtima. Ena amakhala atapinda kapepala m'thumba la jekete. Njira yowasiyanitsira ndinaipeza m'Baibulo, ndipo ndi imene ndikufuna kukuyalirani.

Tsegulani Mateyu 22:15-22, chala china chikhale pa Marko 12:13-17 ndi Luka 20:20-26, chifukwa nkhani ndi imodzi koma aliyense akuwonjezerapo kake. Zinachitikira m'Kachisi ku Yerusalemu, sabata yomwe Yesu anapachikidwa. Kuyambira chaka cha 6 AD, Yudeya ankalamulidwa ndi akazembe a Aroma, ndipo anthu ankakhoma msonkho kwa Kaisara mokukuta mano. Pa kalembera wa nthawi imeneyo Yudasi wa ku Galileya anautsa anthu kuti akane, ndipo pa Machitidwe 5:37 Gamaliyeli akukumbutsa kuti munthuyo anafa, omutsatira n'kubalalika. Ndiye funso lakuti n'kololedwa kukhoma msonkho kwa Kaisara kapena ayi linalibe yankho lopulumukira. Yesu akati khomani, khamu limutaya ngati wogulitsa mtundu wake. Akati musakhome, Pilato ali pafupi. Luka akuchita kunena poyera kuti adani a Yesu anatumiza akazitape odzionetsa ngati anthu olungama, kuti amukole m'mawu ake n'kumupereka kwa kazembe.

Koma tamverani mmene anayambira. Sanafikire pa msonkho ayi. Anati, Mphunzitsi, tikudziwa kuti ndinu woona, mumaphunzitsa njira ya Mulungu moona, simuopa munthu, simuyang'ana nkhope. Pa mawu onsewa palibe bodza ndi limodzi lomwe. Apa ndi pamene ambiri timagwera. Timaganiza kuti wosyasyalika tidzamudziwa ndi bodza lake, ndiye munthu akanena zoona za ife timamasuka, mtima n'kukhala m'malo. Chimanga chimene anyamata amaika pa diwa la mbewa chimakhala chimanga chenicheni, chodyeka. Choncho musataye nthawi kudzifunsa ngati zimene akunenazo n'zoona. Dzifunseni kuti akuzinenera chiyani lero, pamalo pano, pamaso pa anthu awa.

Chinthu choyamba, chosavuta kuchiona, ndi nthawi imene chitamandocho chafikira. Mu Marko 12 momwemo, mukatsika mpaka ndime 28, mupeza mlembi wina amene anafunsa Yesu kuti lamulo loposa onse ndi liti. Iyeyu anayamba ndi funso, anamvetsera yankho, kenako ndi pamene anati mwanena bwino, Mphunzitsi. Anabwereza zimene anamva n'kuwonjezerapo maganizo ake, ndipo sanapemphe kanthu pambuyo pake. Yesu anamuuza kuti sali kutali ndi Ufumu wa Mulungu. Mutu ndi womwewo, Kachisi ndi yemweyo, onse akumutchula kuti Mphunzitsi. Kusiyana kwake n'kwakuti kuyamikira koona kumabwera ntchito itachitika ndipo kumathera pomwepo, pamene kwa msampha kumatsogola, pempho likubwera m'mbuyo mwake. Munthu akakuyamikirani n'kunyamuka kumapita, landirani ndi manja awiri. Akakuyamikirani n'kukokera mpando pafupi, tcherani khutu ku chimene chitsatire.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Onani kuti pa zabwino zanu zonse wasankha chiti. Afarisi sanatamande Yesu chifukwa chochiritsa odwala kapena kukonda ana. Anasankha chimodzi chimene chikanamukakamiza kuyankha mmene iwo ankafunira, chakuti saopa munthu. Munthu akakuuzani pagulu kuti inu ndiye simuopa, wakutsekerani kale khomo lakuti mukhale chete kapena muyankhe modekha, chifukwa mukatero muoneka ngati mwatsutsa mbiri yanu yomwe. Wofuna ngongole amatamanda kupatsa kwanu. Wofuna siginecha amatamanda kukhulupirika kwanu. Wofuna kuti mumuwuze chinsinsi cha wina amakuuzani kuti inu nokha ndi amene mumadziwa zoona zake za nkhaniyi.

Zimamveka chonchi pa msonkhano wa mpingo. Wina amaimirira, n'kuyamba ndi ulemu wonse: "Akulu athu awa timawadziwa tonse, sapsatira mawu, ngakhale pamaso pa abusa amanena chilungamo. Ndiye atiwuze pompano ngati ndalama za chitukuko zikuyenda bwino kapena ayi." Mutu wanu umayamba kutentha, mukumva maso onse ali pa inu, ndipo lilime likufuna kutsimikiza kuti zoonadi simuopa. Nthawi imeneyo yang'anani pa benchi, muona foni ya wina itagonekedwa chafufumimba, ikujambula mawu. Madzulo ake chiganizo chanu chimodzi, atachidula mutu ndi mchira, chidzakhala chikuzungulira pa WhatsApp kuchokera ku Bangwe mpaka ku Chilomoni. Kutentha kwa mutuko ndiko chizindikiro chanu. Mukamva kuti mukufuna kuyankha pofuna kusunga dzina limene wakupatsani kumene, pumani kaye.

Onaninso amene abwerera limodzi. Afarisi ankanyansidwa ndi ulamuliro wachikunja, Aherode ankadyera ku nyumba yachifumu imene inaikidwa ndi Aroma. Pa nkhani ya msonkho anthu amenewa sakanagwirizana, koma tsiku limeneli anafika ali phewa ndi phewa, monga anachitiranso pa Marko 3:6. Mateyu akuwonjezera kuti Afarisiwo anatuma ophunzira awo, nkhope zachinyamata zooneka ngati zikungofuna kuphunzira. Anthu awiri amene sapatsana moni akafika pakhomo panu akuyamikira chinthu chimodzi, kapena mnyamata akabwera ndi funso lolemera kuposa msinkhu wake, funsani mwaulemu kuti, kodi nkhaniyi mwakambirana ndi yani musanafike kuno?

Tsopano chochita chenicheni. Yesu sanathokoze chitamando chija, sanachikane, sanachiyankhe n'komwe. Anachisiya pomwe chinagwera n'kunena kuti, ndionetseni ndalama ya msonkho. Anamupatsa dinari, ndalama yasiliva imene pa Mateyu 20:2 ndi malipiro a waganyu a tsiku limodzi. Ndalama za Kaisara Tiberiyo, amene analamulira kuyambira 14 mpaka 37 AD, zinkakhala ndi nkhope yake ndi mawu omutchula kuti mwana wa Augusto, amene Aroma ankamuyesa mulungu. Yesu anafunsa kuti nkhopeyi ndi mawuwa n'za yani. Atayankha okha kuti n'za Kaisara, ndi pamene anati perekani kwa Kaisara zake za Kaisara, ndi kwa Mulungu zake za Mulungu. Nkhani inachoka pa khalidwe la Yesu n'kupita pa chinthu chogwirika chimene aliyense akuchiona, ndipo amene anabwera kudzafunsa anasanduka oyankha.

Inunso chitani chomwecho. Chotsani dzina lanu pa nkhaniyo, muitanitse chinthucho chibwere patebulo. Kushopu kwanga zimayenda motere. Munthu amafika m'mawa, tisanamalize n'komwe kutulutsa mawilibala panja. "Akulu a mpingo, mu Bangwe monse mulibe munthu amene dzina lake ndi loyera ngati lanu. Ndinauza akunyumba kuti kwina konse ndingapite, koma bambo awa sangandichititse manyazi." Kenako kapepala kaja kamatuluka, kopindidwa kanayi, ndipo amakatambasula theka lokha, mbali ya m'munsi pamene pali mzere wosainapo. Chala chake chachikulu chimakhala chitaphimba malo a ndalama. Akuti ndi umboni chabe, wongosonyeza kuti ndimamudziwa. Ine ndimati, "Zikomo achimwene, tandipatsani pepalalo ndiwerenge ndekha." Ndimavala magalasi, ndimaliyala lonse pa kauntala pambali pa sikelo ya misomali, n'kuyamba pamwamba. Kawirikawiri pamakhala mawu akuti wobwereka akalephera, wosainayo ndi amene adzabweze, ndi chiwongoladzanja chomwe. Ndikafika pamenepo ndimawerenga mokweza, n'kumufunsa kuti, mawu awa akutanthauza chiyani? Woona mtima amafotokoza, nthawi zina mwamanyazi, ndipo timakambirana ngati ndingamuthandize mwa njira ina. Winayo amabwerera ku chitamando, mawu atakwera pang'ono: "Aa, ndimayesa inu ndinu munthu wa Mulungu." Miyambo 22:26-27 inachenjeza kale za kuperekera wina chikole, kuti ukasowa chobweza adzakulanda ndi mphasa yomwe wagonapo.

Pa msonkhano paja yankho ndi lofanana: "Mabuku a msungichuma abwere, ndi malisiti omwe, tiwaone tonse pamodzi, ndiye ndidzalankhula." Simunakane kunena chilungamo, komanso simunaweruze munthu popanda umboni.

Pali chimodzi chimene sindikulangizani kutengera msanga. Yesu anawauza pamaso kuti, mukundiyeseranji, onyenga inu? Iye ankaona za mumtima. Ife timangoganizira, ndipo kutchula mbale wako kuti wonyenga pagulu, iye ali wosalakwa, ndi tchimo limene limapasula mipingo. Funso lanu ligwire ntchitoyo. Ngati pali chinyengo chidzaonekera chokha poyankha.

Chenjerani ndi umboni umene wotamandayo wabwera nawo yekha. Pa Yoswa 9, Agibeoni anafika kwa Yoswa atavala nsapato zakutha ndi zovala zazigamba, atanyamula mkate wouma woyanga nkhungu, akuti tachokera kutali kwambiri chifukwa tamva mbiri ya Yehova Mulungu wanu. Ndi ndani sangakondwe kumva kuti mbiri ya Mulungu wake yafika kutali? Aisraeli anatenga chakudya chija n'kuchiona, koma ndime 14 ikuti sanafunsire kwa Yehova. Anapangana nawo pangano n'kulumbira, ndipo patangopita masiku atatu anamva kuti anthuwo ndi oyandikana nawo. Yesu anasankha yekha chinthu choti aone. Yoswa anaona zimene anamusankhira. Wina akakuonetsani uthenga wa pafoni wosonyeza kuti watumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money, yang'anani pa foni yanu, osati pa yake. Akakuonetsani mapepala a puloti ku Machinjiri, pitani mukaponde pamalopo, mukafunse oyandikana nawo ndi kumaofesi oyenera.

Mawu ena oti muziwaopa ndi akuti "tonse tagwirizana". Pa Danieli 6, mfumu Dariyo inali ndi akalonga 120 ndi akuluakulu atatu owayang'anira, mmodzi mwa iwo ali Danieli. Anzake atasowa pomugwirira, anapita kwa mfumu ndi moni wakuti mukhale ndi moyo mpaka kalekale, n'kunena kuti akuluakulu onse apangana kuti kwa masiku 30 munthu asapemphe kanthu kwa mulungu kapena kwa munthu wina aliyense koma kwa inu nokha mfumu. Linali bodza, chifukwa Danieli sanali nawo pa upo umenewo. Funso limodzi likanathetsa zonse: nanga Danieli ali kuti? Koma lamulolo linkamukweza Dariyo pamwamba pa milungu, ndipo anasaina. Malamulo a Amedi ndi Aperisi sankasinthika, moti mfumu inavutika mpaka kulowa kwa dzuwa kufuna kupulumutsa Danieli, munthu amene inkamukonda, ku dzenje la mikango, osatheka, ndipo inagona ndi njala, tulo osabwera. Amene anakodwa poyamba ndi mfumu yotamandidwayo, Danieli anangotsatira.

Choncho akakuuzani kuti komiti yonse yasankha inu, tchulani mayina mmodzimmodzi, makamaka la munthu amene mukudziwa kuti amakonda kufunsa mafunso, ndipo mumuimbire. Ndipo chilichonse chimene sichingabwezedwe, kaya ndi siginecha, lumbiro, ndalama yotumiza pafoni, kapena mawu olankhula pa maliro ndi pa chinkhoswe, musachichite tsiku lomwe mwatamandidwa. Ine ndimangoti, "Ndamva, mubwere Lachinayi, ndikambirane kaye ndi mayi akunyumba." Pempho labwino silionongeka pogona masiku awiri. Amene akukana kudikira wakuwuzani kale zambiri.

Dzifunseninso kuti munthuyu amadya chiyani kwa ine. Pa Machitidwe 12, anthu a ku Turo ndi Sidoni anafuulira Herode Agripa kuti awa ndi mawu a mulungu, si a munthu. Luka, amene analemba bukuli, akutiululira chifukwa chake: dziko lawo linkadalira chakudya cha m'dziko la mfumuyo, ndipo anali atakopa kale Blasto, kapitawo wa kuchipinda kwake. Inali njala ikulankhula. Herode analandira ulemuwo osaupereka kwa Mulungu, ndipo anafera ku Kaisareya m'chaka cha 44 AD. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus akusimbanso za tsiku limeneli, kuti mfumuyo inavala chovala chasiliva chonyezimira ndi dzuwa la m'mawa, ndipo inamwalira patapita masiku asanu ikuvutika ndi m'mimba. Abusa, aneneri, ndi inu amene mumaitanidwa kukakhala mlendo wolemekezeka pa Pepala Sande, mawu ena amene amanenedwa pa maikolofoni si oyenera munthu ayi, musawalole kukhala pa inu ngakhale mphindi imodzi.

Musaganize kuti izi n'za anthu audindo okha. Abisalomu, mwana wa mfumu Davide, ankalawirira m'mawa kukaima pachipata, ndipo aliyense wobwera ndi mlandu ankamuuza kuti nkhani yako ndi yabwino ndi yolungama, koma kwa mfumu kulibe wokumvera. Munthu akafuna kumugwadira, iye ankamugwira n'kumupsompsona. 2 Samueli 15 ikuti anaba mitima ya anthu a Israeli, ndipo amuna 200 anamutsatira kuchoka ku Yerusalemu osadziwa kanthu za chiwembucho. Mayi amene wakangana ndi mwamuna wake, mnyamata amene wadzudzulidwa ku kwaya, wantchito amene wakwiyira bwana, onsewa amafuna kumva kuti sunalakwe. Wokuuzani kuti mulibe cholakwa asanamve mbali inayo akukusonkhanitsirani ku nkhondo yake.

Chitetezo chokhalitsa ndi kukhala ndi munthu mmodzi amene ali ndi ufulu wokuuzani zowawa, ndipo mumuteteze. Ahabu, mfumu ya Israeli, anali ndi aneneri pafupifupi 400 amene anamuuza ndi pakamwa pamodzi kuti pitani ku Ramoti Giliyadi, mukapambana. Yehosafati, mfumu ya Yuda, atafunsa ngati palibe wina, Ahabu anati alipo Mikaya mwana wa Imla, koma ndimamuda chifukwa sanenera zabwino za ine. Anamutsekera m'ndende, iye n'kupita kukafera kunkhondo. Ife a Malawi nkhani imeneyi sitiiwerenga ngati yachilendo. Mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anapatsidwa upulezidenti wa moyo wake wonse, ndipo kwa zaka zambiri pamisonkhano pankamveka zotamanda zokhazokha, mpaka pa 8 Malichi 1992 pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, kunena poyera zimene anthu ankangonong'onezana. Wakutsina khutu ndi mnansi, anatero makolo, ndipo Miyambo 27:6 ikuvomereza kuti mabala ochokera kwa bwenzi ndi okhulupirika, pamene mdani amachulutsa kupsompsona. Kwa ine munthu ameneyu ndi mayi akunyumba, ndi mkulu wina wachikulire wa kumpingo kwathu amene sanandiyamikirepo pa ulaliki popanda kundionetsa ndime imene ndinaidumpha. Ndikamva kuti anthu andikweza kwambiri, ndimapita kukakhala pakhonde pake.

Dziwaninso kuti kuzemba msampha sikutanthauza kuti akusiyani. Pa Luka 23:2, anthu anakaima pamaso pa Pilato n'kunena kuti Yesu ankaletsa anthu kukhoma msonkho kwa Kaisara, chinthu chimene sananene. N'chifukwa chake nkhani zolemera muzikamba pali mboni, ndipo pa msonkhano muzipempha mlembi awerenge mmene walembera mawu anu anthu asanabalalike.

Zotsala ndi pakamwa pathu eni, pakuti tonsefe timakhalanso opempha. Ulemu wathu wogwada, kuwomba m'manja ndi kunena kuti bambo, mayi, akuluakulu, si kusyasyalika, ndipo musalole wina akuphunzitseni mwano m'dzina la chilungamo. Machitidwe 24 ikuonetsa malire ake. Tertulo, woyankhulira akulu a Ayuda, anayamba ndi kuuza kazembe Felike kuti mwa inu tili ndi mtendere waukulu ndipo mtundu wathu wakonzeka chifukwa cha nzeru zanu, kenako n'kupempha kuti Paulo aweruzidwe. Paulo itafika nthawi yake anangoti, podziwa kuti mwakhala woweruza wa mtundu uno zaka zambiri, ndikudziyankhira mokondwa. Ananena chinthu choona, chokhudza mlanduwo, n'kulowa mu nkhani. Anakhala m'ndende zaka ziwiri Felike akuyembekeza chiphuphu, koma sanasinthe kalankhulidwe, ndipo pa 1 Atesalonika 2:5 akutha kuitana Mulungu kukhala mboni kuti sanagwiritsepo mawu osyasyalika.

Mukapita kukapempha, perekani moni wonse monga mwa mwambo, kenako tchulani pempho lanu poyamba, ndi kuchuluka kwake, ndi tsiku lobweza, ndi chimene chidzachitike mukalephera. Pepala liperekeni lonse m'manja mwake. Muuzeni kuti ali ndi ufulu wokana ndipo ubale sutha. Zabwino zimene mumaona mwa iye muzisunge, mudzamuuze tsiku lina pamene simukufuna kanthu kwa iye, kaya mutakumana pa depoti ya Wenela kapena potuluka m'tchalitchi Lamulungu.